Thanki ya mafuta ikagwa pamsewu thawani, si mwayi umenewo

Ana inu tamverani kuno. Khalidwe lomathamanga ndi zigubu, ndowa mpaka mapoto mukamva kuti thanki ya mafuta yagubuduzika pamsewu lija mulisiye ndithu, likutimalizira anthu. Pathanki paja amalembapo kuti FLAMMABLE, pena INFLAMMABLE, ena mumangoona ngati zokongoletsa galimoto, enanso oti sukulu munapitako mumati poti kumayambiriro kuli "in" ndiye kuti zosayaka. Bodza limenelo. Mawu awiriwa akunena chinthu chimodzi, choti sichichedwa kugwira moto.

Chimene ambiri simuchidziwa nchakuti pa petulo chimayamba kuyaka ndi mpweya wake wonunkha uja, osati madzimadzi mukutungawo ayi. Mpweyawu ngolemera kuposa umene timapumawu ndiye sukwera kumwamba, umayenda pansipansi kutsata ngalande osaoneka ndi maso, kukafika pa mbaula ya mayi wootcha chimanga kapena kwa bambo wina wayatsa fodya chapatali, moto nkubwerera liwiro kufika pathanki pomwe mwaunjikana inu zovala zitanyowa kale ndi petulo. Ngakhale kungoliza njinga yamoto pafupi ndikokwanira. Muthawira kuti?

Mwaiwala kale za ku Caphiridzange ku Tete, mu November 2016? Thanki ija imachokera ku Beira kubwera kuno ku Malawi, anthu anaizungulira kufuna mafuta, itaphulika anafa anthu oposa 50, ana omwe, ndipo ena anakathera kuchipatala ku Tete. Ku Morogoro ku Tanzania mu August 2019 zinalinso chimodzimodzi, oposa 60, ambiri anyamata a kabaza wa njinga zamoto. Mabanja kulira chifukwa cha chigubu chimodzi, abale.

Ndiye palinso inu mafuta akasowa mumadzaza mabotolo ndi zigubu nkukabisa kunsi kwa bedi kudikira kuti mtengo ukwere, m'nyumba momwe mukugona ana, magetsi akathima muyatsanso kandulo momwemo. Nzeru zimenezo? Ena mpaka kupopa petulo ndi pakamwa pa paipi, akalowa m'mapapo ameneyo ndi matenda aakulu.

Moto wa petulo musamauthire madzi, petulo amayandama pamwamba ndiye mukungoumwaza. Ngati ndi wochepa thirani mchenga kapena dothi. Koma ikakhala thanki yagwa, kokani ana, pitani kutali mbali imene mphepo ikuchokera, muimbire apolisi muli komweko.