Musamachotse munthu m'gulu ngati mukutaya zinyalala

Ndakwiya ndi zomwe achita a admin a gulu lina la banki m'khonde. Mayi walephera kugula masheya masabata atatu chifukwa akudwazika mwana kuchipatala, iwo angomuchotsa m'gulu la WhatsApp. Osamuimbira, osamuyendera. Mayiyo atabwera kumsonkhano n'kukalipa, akuti ndi wamwano. Wamwano ndani pamenepa?

Chamuwawa ndi kutayidwa. Ukachotsa munthu pa WhatsApp, aliyense m'gulumo amaona kuti wachotsedwa, ndipo mwiniwake akatsegula amapeza kuti sangalembenso kanthu. Anthu 20 aona manyazi ake nthawi imodzi, iye alibe poyankhira. Anthu omwewo ndi amene amamuphikira pamaliro, amabwerekana naye mchere, amakhala naye benchi limodzi kutchalitchi. Ndiye mumafuna aseke?

Mu 2003, Naomi Eisenberger ndi anzake ku UCLA anapeza kuti munthu akasalidwa pamasewera oponyerana mpira a pakompyuta, mbali ina ya ubongo yomwe imatekeseka thupi likamapweteka imatekesekanso. Mpira wa pakompyuta chabe! Nanga kusalidwa ndi anthu a m'mudzi mwako? Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Ukali wa mayi uja ndi mantha otsala yekha, basi.

Inde, ndalama za gulu ziyenera kutetezedwa. Koma malamulo munalemba aja ndi a chiyani? Wachedwa, alipire chindapusa chomwe munagwirizana. Wadwazika, tsegulani thumba la zadzidzidzi. Tumani anthu awiri, wapampando ndi msungichuma, akamuone kaye komweko. Ngati zavutadi, muwerengereni masheya ake iye alipo, chotsanipo ngongole, asainire m'buku, kenako atuluke yekha. Akatuluka yekha, WhatsApp imangodziwitsa ma admin okha.

Mukachita mwachipongwe, wochotsedwayo sabweza ngongole, poti palibenso amene akumuchitira manyazi. Otsalawo amayamba kubisa mavuto awo, ena mpaka kukatenga katapila kuti agule masheya, kuopa kuyalutsidwa ngati mnzawo. Mwamutaya mmodzi, mwaopseza onse.

Komanso inu amene mumaona uthenga wa maliro m'gulu n'kungoikapo kachithunzi ka manja opemphera, pamene anamfedwa ali tsidya la msewu lomweli. Kachithunziko sikatunga madzi, sikatola nkhuni. Nyamukani mupite kusiwa.