Linux ikukwera pakati pa osewera magemu, koma tisanamizane

Masiku ano munthu akangochotsa Windows pa kompyuta yake n'kuikapo Linux, dzuwa sililowa asanauze aliyense. Ndikuwadziwa bwino anthu amenewa chifukwa inenso ndili m'gulu lomwelo. Koma pali zinthu zina zimene timakonda kuzibisa tikamakopa anzathu, ndipo ndikuona kuti kubisako kukutiwonongera mbiri. Lero ndiloleni ndinene zonse, zokoma ndi zowawa zomwe.

Kukwerako n'koona, si nkhambakamwa. Mwezi uliwonse a Valve, eni ake a Steam, sitolo ya pa intaneti yogulitsa magemu a pa kompyuta, amatulutsa zotsatira za kafukufuku wosonyeza makompyuta amene anthu akusewerera magemu. Kwa zaka zambiri Linux inkangokwawa cha pa 1 peresenti, miyezi ina osafika n'komwe. Mu July 2023 inadumpha macOS ya makompyuta a Apple. Mu October 2025 inapitirira 3 peresenti koyamba. Wina aseka kuti 3 peresenti n'chiyani pamene Windows idakali ndi anthu oposa 90 pa 100 alionse, ndipo sakunama. Kungoti Steam imagwiritsidwa ntchito ndi anthu oposa 100 miliyoni pa mwezi, choncho kachiwerengero kakuoneka konyozekako ndi anthu mamiliyoni angapo.

Chimene sindigwirizana nacho ndi nkhani yoti anthuwa abwera chifukwa adzuka, azindikira ubwino wa open source, akufuna mapulogalamu amene aliyense angathe kuwawerenga m'kati, kuwasintha ndi kugawira ena. Ayi ndithu. Ufulu umenewo unalipo kuyambira kale. Linus Torvalds anatulutsa Linux mu 1991, ndipo kwa zaka zoposa makumi awiri osewera magemu sankaiyang'ana n'komwe. Wosewera magemu amafuna chinthu chimodzi: akadina Play, gemu iyambe. Chasintha n'choti pano gemuyo ikuyambadi. Ndipo ikuyamba chifukwa kampani imodzi yolemera inaganiza zothira ndalama pa ntchitoyi.

Mbiri yake ndi yosangalatsa. Mu 2012, Windows 8 ili pafupi kutuluka ndi sitolo yakeyake ya mapulogalamu, Gabe Newell wa Valve ananena poyera kuti Windows imeneyo ndi tsoka. Mantha ake anali a malonda: bwanji tsiku lina Microsoft itatseka chipata n'kunena kuti chilichonse chogulitsidwa pa Windows chizidutsa m'sitolo yake? Steam ikanathera pomwepo. Ndiye anayamba kukonza njira yothawira. Mu 2013 Steam inafika pa Linux, kenako SteamOS yoyamba, mtundu wa Linux wopangidwa ndi a Valve. Mu 2015 anatulutsa makompyuta otchedwa Steam Machine, amene anagwa chagada. Chifukwa chake chinali chosabisika. Pa nthawiyo, kuti gemu iyende pa Linux, eni ake ankayenera kukhala pansi n'kuikonzanso mwapadera. Ndani angawononge ndalama kukonzera anthu ochepa chotero? Popanda magemu anthu sanabwere, ndipo popanda anthu magemu sanabwere.

A Valve anasiya kupempha opanga magemu. Mu August 2018 anatulutsa Proton, ndipo kwa ine apa ndi pamene nkhani yonse inatembenukira. Proton imagwira ntchito ngati womasulira amene waima pakati pa anthu awiri osamvana chilankhulo. Gemu inalembedwera Windows, ndipo imapempha zinthu mmene Windows imamvera: nditsegulire fayilo iyi, ndijambulire chithunzi ichi kudzera mu DirectX, njira ya Microsoft yojambulira zithunzi za magemu. Proton imalandira pempholo n'kulisandutsa chimene Linux imamva. Gemuyo sidziwa n'komwe kuti yachoka kwawo. M'kati mwa Proton muli Wine, yoyendetsa mapulogalamu a Windows pa Linux, ntchito imene anthu odzipereka anaiyamba mu 1993. Muli DXVK, imene inayambidwa ndi Philip Rebohle, yosandutsa DirectX 9, 10 ndi 11 kukhala Vulkan, njira yojambulira zithunzi imene Linux imamva. Mulinso VKD3D-Proton yochita chimodzimodzi ndi DirectX 12. Zambiri mwa izi a Valve sanaziyambe okha. Anazipeza zili m'njira, n'kuyamba kulipira anthu amene ankazipanga, kuphatikizapo a kampani ya CodeWeavers, kuti azigwire ngati ntchito yeniyeni osati yongochita usiku akaweruka.

Amene anayesapo akudziwa mmene zimaonekera. Wagula gemu imene pa tsamba lake palibe paliponse palembedwa Linux. Ukudina Play. Kabokosi kakang'ono kakutuluka kakuti ikukonza ma shader a Vulkan, kamzere kakuyenda pang'onopang'ono, fani ikulira. Mtima uli m'mwamba. Kenako sikirini ikuda, nyimbo ya gemu ikuyamba, ndipo basi, ukusewera. Ikakana, umathamangira ku ProtonDB, kumene anthu wamba amalemba mmene gemu iliyonse yawayendera, n'kuipatsa mulingo kuyambira Platinum, Gold, Silver, Bronze mpaka Borked, kutanthauza yakaniratu. Nthawi zambiri umapezako wina amene analemba kuti sintha Proton uike mtundu wakutiwakuti, kapena wonjezera kamzere aka pa launch options, ndipo zimathekadi. Ineyo ndimaona kuti tsamba limenelo lachita zambiri pokopa anthu kuposa maulaliki athu onse a ufulu kuwaphatikiza.

Kenako mu February 2022 kunabwera Steam Deck, kakompyuta kogwira m'manja koyendera SteamOS 3, imene maziko ake ndi Arch Linux. Anthu ambiri amene anakagula sanaganizepo zoti akugula Linux. Anagula choseweretsa magemu. Koma aliyense wa iwo akuwerengedwa m'kafukufuku uja, ndipo gawo lalikulu ndithu la 3 peresenti ija ndi iwowa. Tikamanyadira chiwerengerocho tizikumbukira zimenezi. Ubwino wake n'ngwakuti opanga magemu anayamba kusamala. Kale ukawadandaulira kuti gemu siikuyenda pa Linux ankangokuyang'ana. Pano amafuna chizindikiro chobiriwira cha Deck Verified, chosonyeza kuti gemu ikuyenda bwino pa Steam Deck, pa tsamba la gemu yawo, chifukwa chimabweretsa ogula. Gemu ikakonzedwa kuti iyende pa Deck, ambiri a pa makompyuta a pa desiki amapindula nawo osatulutsa thukuta.

Mbali ina ndi a Microsoft eni ake, amene akuthamangitsa anthu awo ndi manja awo. Pa 14 October 2025 anasiya kupereka chithandizo cha nthawi zonse ku Windows 10. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko. Kwa Intel, kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo. Ndiye taganizani munthu ali ndi kompyuta yamphamvu bwinobwino, imene ikuyendetsa magemu ake onse popanda vuto, akuuzidwa kuti yakalamba. Wonjezeranipo kukakamizidwa kutsegula akaunti ya Microsoft pongofuna kuika Windows, zotsatsa malonda m'malo osayenera, Copilot, AI ya Microsoft, paliponse ngakhale sunaipemphe. Munthu wotopa chotere akamva kuti kwinaku magemu ake akuyenda, savuta kumukopa. Sanakonde Linux ayi, wangotopa ndi kumene anali.

Tsopano zowawa, zimene anzanga ambiri amazidumpha.

Magemu angapo otchuka kwambiri padziko lonse sayenda pa Linux, ndipo palibe ukatswiri umene ungawayendetse. Fortnite siyenda. Valorant siyenda. League of Legends inkayenda kudzera mu Wine mpaka 2024 pamene eni ake, a Riot, anaikamo Vanguard, pulogalamu yoletsa kubera pa gemu. Call of Duty zatsopano siziyenda, Destiny 2 chimodzimodzi. Apex Legends inkayenda bwinobwino, koma mu October 2024 eni ake, a EA, anatseka khomo, ponena kuti obera pa gemu ambiri akudzera pa Linux. GTA Online nayo inasiya kulola a Linux mu September 2024 itaika BattlEye, pulogalamu inanso yoletsa kubera. Vuto si Proton. Vuto ndi mapulogalamu oletsa kubera, amene amafuna kukhala m'kati mwenimweni mwa sisitimu, mu kernel, kuti aziona chilichonse chimene chikuchitika pa kompyutayo. Pa Windows kernel ndi yotseka, mwini wake ndi mmodzi. Pa Linux aliyense angathe kuisintha mmene akufunira, kuphatikizapo wobera amene akufuna kubisa zida zake. Ufulu womwewo umene timaunyadira ndi umene ukuopseza makampaniwa. Walira mvula walira matope.

Opanga mapulogalamu oletsa kubera a Easy Anti-Cheat ndi BattlEye analengeza mu 2021 kuti akhoza kugwira ntchito ndi Proton, koma eni gemu ndi amene amasankha kuyatsa kapena ayi. Ena anayatsa, ena anakana. Ine pulogalamu ya gemu yokhala ndi mphamvu zonse pa kompyuta yanga sindiifuna, ndipo ndikuona kuti njira yabwino ndi kugwira obera kuchokera ku seva. Koma amenewo ndi maganizo anga, ndipo sathandiza mnyamata amene anzake onse amakumana pa Valorant madzulo alionse. Kumuuza kuti asiye gemuyo chifukwa ndi yoipa kale n'kumunyoza. Amasewera kumeneko chifukwa anzake ali kumeneko.

Za makadi a graphics ndingodutsamo mwachangu. Amene ali ndi AMD zinthu zimawayendera mosavuta, chifukwa madalaivala ake ndi otseguka ndipo amabwera kale ndi sisitimu. A Nvidia zinthu zasintha kwambiri poyerekeza ndi kale, komabe magemu ena a DirectX 12 amayenda motsikirapo kusiyana ndi pa Windows. Magemu a PC Game Pass, amene umalipira kwa Microsoft pa mwezi, suwaika pa Linux. Mapulogalamu ena oyendetsera mbewa, makiyibodi a magetsi ndi mawilo a magemu a galimoto kulibe. Izi munthu azimve asanafufute hadi disiki yake, osati pambuyo.

Chimene chimandisowetsa mtendere kwambiri ndi china. Timati tathawa kampani imodzi yaikulu, koma tathawira m'manja mwa kampani inanso imodzi. Pulogalamu ya Steam si open source. Magemu amene tikusewera si open source. A Valve amadula gawo lawo, nthawi zambiri 30 peresenti, pa gemu iliyonse yogulitsidwa m'sitolo yawo, ndipo Linux kwa iwo ndi chishango choteteza malonda amenewo. Palinso chinthu chodabwitsa: Proton itayamba kugwira bwino, chidwi chopanga magemu a Linux enieni chinatsika. Wopanga gemu angavutikirenji pamene ya Windows yomweyo ikuyenda? Mapeto ake n'ngakuti tikusewera pa Linux, koma chilankhulo chimene magemu akulankhula chidakali cha Microsoft. Iwo akasintha DirectX, omasulira athu ayenera kuthamanga kuti awapeze.

Nanga n'chifukwa chiyani ndidakali mbali imeneyi? Chifukwa ntchito imene ndalama za Valve zalipira siili m'kabati yawo yokhoma. Wine, DXVK, VKD3D-Proton, dalaivala ya RADV ya makadi a AMD, zonsezi zili poyera pansi pa malayisensi amene salola kuti munthu adzazibise zimene zatuluka kale. Umboni wake ukuoneka kale. Mapulogalamu a Heroic Games Launcher ndi Lutris amagwiritsa ntchito zida zomwezo kuyendetsa magemu ogulidwa ku Epic ndi GOG, amene ndi opikisana ndi Steam pa malonda. Thomas Crider, wodziwika kuti GloriousEggroll, amatulutsa Proton yakeyake yokhala ndi zowonjezera, komanso ndi amene anayambitsa Nobara, mtundu wa Linux wokonzedwera magemu. Bazzite, mtundu winanso wa Linux womangidwa pa Fedora, imakupatsa maonekedwe ngati a Steam Deck pa kompyuta ina iliyonse popanda kupempha chilolezo kwa a Valve. CachyOS nayo yakopa anthu ambiri osewera magemu. Tsiku limene a Valve adzasinthe mtima, kapena kampaniyo idzagwe m'manja mwa anthu ena, liwiro lidzatsika, zimenezo sindikukana. Koma zimene zapangidwa kale zidzatsala ndi ife. Windows 10 itafika pa mapeto ake palibe gulu la anthu limene likanaitenga n'kuipitiriza. Kusiyana kumeneku ndi kumene ndimakuona kuti n'kofunika, osati zoti Linux ndi yaulere kapena kuti penguin wa pa chizindikiro chake ndi wokongola.

Makampani ena ayambanso kulowa. Mu 2025 a Lenovo anatulutsa Legion Go S, kakompyuta kogwira m'manja kokhala ndi SteamOS, ndipo oyesa ambiri anapeza kuti pa kachipangizo komweko magemu angapo amayenda bwino pa SteamOS kuposa pa Windows, batire n'kukhalitsanso. Mu November chaka chomwecho a Valve analengeza Steam Machine yatsopano, patatha zaka khumi yoyamba ija itatuluka. Nthawi ino magemu alipo kale.

Choncho mnzanga akandifunsa ngati asamuke, sindiyamba ndi ulaliki. Ndimamufunsa magemu asanu amene amasewera kwambiri, tiwayang'ane limodzi pa ProtonDB ndi pa Are We Anti-Cheat Yet, tsamba losonyeza ngati magemu okhala ndi mapulogalamu oletsa kubera akuyenda pa Linux. Ngati ndi magemu amene munthu amasewera yekha, akale, a opanga ang'onoang'ono, kapena a Valve omwe monga Counter-Strike 2 ndi Dota 2, ndimamuuza aike Bazzite kapena Linux Mint pa disiki ina yapadera, Windows aisiye pomwepo kaye, ayese kwa mwezi. Ngati pa mndandandawo pali Fortnite kapena Valorant, ndimamuuza mosapita m'mbali kuti akhale pa Windows, kapena asunge zonse ziwiri azisankha poyatsa kompyuta. Munthu amene tamunamiza n'kukapeza gemu yake yokondedwa siikuyenda amabwerera atakwiya, ndipo amauza anthu ambiri kuposa amene ife tingawakope.

Inu amene munasamuka kale, ndi gemu iti imene inakukanikani mpaka lero?