Musanationetse mchenga wa ku Zanzibar, tiuzeni kaye za pasipoti

Ndakwiya abale, ndipo lero sindibisa mawu. Chiyambire Loweruka mtima wanga sunakhale m'malo.

Loweruka m'mamawa ndinaperekeza achemwali anga ndi alamu ku bwalo la ndege ku Lumbadzi. Anthuwa akwanitsa zaka 20 ali pabanja, ndipo anapangana kalekale kuti chaka chino akapumeko ku Zanzibar, chilumba cha ku Tanzania, awiriwiri, ana awasiye kwathu. Zaka ziwiri zathunthu achemwali akuponya ndalama ku banki m'khonde, alamu akudzimana ngakhale kugula matayala a galimoto. Anasoketsa zovala zofanana, chitenje chobiriwira. M'galimoto ankaseka ngati anthu ongotomerana kumene.

Tafika, ayima pamzere, ine ndili pambali ndanyamula kachikwama ka achemwali. Mayi wa pakauntala analandira mapasipoti awiri. Anatsegula ya achemwali, n'kuiika pambali. Atatsegula ya alamu anangoti zii. Ndinamuona akuwerenga miyezi ndi zala, n'kubwerezanso kachiwiri. Kenako anadzutsa mutu n'kunena kuti, "Bambo, pepani kwambiri. Pasipoti yanuyi yatsala ndi miyezi 4 kuti ithe. Ku Tanzania amafuna ikhale ndi miyezi 6. Sindingakukwezeni."

Alamu anati, "Koma mayi, sinathetu iyi, taonani tsikuli. Tikukangokhala sabata imodzi basi." Mayi uja anawayankha mwaulemu kuti akawakweza, uko akawabweza, ndipo kampani ya ndege ndi imene imalipira chindapusa n'kuwanyamulanso kubwerera nawo. Mayiyo sanalakwe chilichonse, ankagwira ntchito yake. Achemwali sanalankhule kanthu. Anangokhala pa sutikesi yawo, imene anali atangoikulungitsa pulasitiki, n'kuphimba nkhope ndi mpango. Munthu wamkulu, mayi wa ana anayi, kulira pagulu. Chithunzi chimenecho sichikuchoka m'maso mwanga.

Amene ndakwiya naye ndi mnyamata amene anawagulitsa ulendowu. Ali ndi gulu la pa WhatsApp, tsiku lililonse amaponyamo zithunzi: madzi obiriwira, mchenga woti mbee, anthu akumwa madzi a kokonati pansi pa ambulera. Miyezi itatu wakhala akuwatumizira achemwali zithunzi za hotela, za chipinda, za bedi lomwazidwa maluwa. Pogula matikiti anapempha kuti amujambulire mapasipoti, ndipo anamujambulira. Tsiku lothera pasipoti analiona ndi maso ake. Sananene kanthu. Titamuimbira tili pabwalo pomwepo, yankho lake linali lakuti matikitiwo anali otchipa, ndalama sabweza, ndipo za pasipoti ndi nkhani ya mwiniwake. Nkhani ya mwiniwake! Polandira ndalama sinali nkhani ya mwiniwake.

Ndiye ndikunena pano kwa aliyense amene amadzitcha mlangizi wa maulendo, kaya pa Facebook, kaya pa TikTok, kaya muli ndi kaofesi m'tauni. Ngati mukuuza munthu kuti dziko lakuti n'lokongola koma osamuuza chimene akafunsidwe pachipata, simunamulangize, mwamuponya m'dzenje. Malangizo a ulendo amayambira pa tsamba la pasipoti limene lili ndi chithunzi ndi tsiku lothera. Zina zonsezo zimabwera pambuyo. Munthu wobwezedwa pakauntala mchenga uja sauponda.

Tsegulani masamba a intaneti muone mmene akulembera. Malo 10 oyenera kukaona musanamwalire. Dubai, Cape Town, Mauritius, Paris. Chithunzi, chithunzi, chithunzi. Mukafufuza pansi kuti Mmalawi akafuna kupita kumeneko atenge chiyani m'manja, simupeza ngakhale mzere umodzi. Ambiri amangokopera zolembedwera anthu a mapasipoti a ku Ulaya ndi ku America, basi. Koma amene akuwerengayo ndi mphunzitsi wa ku Dedza amene akukwera ndege koyamba, ndi namwino wa ku Mzuzu amene wasunga ndalama zaka zitatu. Iyeyo akukhulupirira inu.

N'chovuta chiyani kulemba kuti Tanzania imafuna pasipoti yotsala ndi miyezi 6? Mzere umodzi wokha. Alamu akanauwerenga mzere umenewo miyezi itatu yapitayo, akanakhala ndi nthawi yokakonzetsa pasipoti ina. N'chovuta chiyani kuwonjezera kuti kuyambira pa 1 October 2024 boma la Zanzibar linalamula alendo ochokera kunja kuti azigula inshuwalansi ya komweko, imene inalengezedwa pa mtengo wa madola 44 munthu mmodzi, ngakhale mutakhala kuti muli kale ndi inshuwalansi yanu? Mnyamata uja za izinso sanatchule. Ndiye kuti akanapulumuka ku Lumbadzi akanakakodwa kutsogolo.

Nanga khadi la yellow fever? Ndege zambiri zochoka kuno zimadzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, ndipo Ethiopia ndi Kenya ali pa mndandanda wa mayiko amene kumapezeka matendawa. Mukakhalitsa pabwalo la ndege kumeneko kupitirira maola 12, mayiko ngati Tanzania ndi South Africa akhoza kukufunsani kabuku kachikasu kaja. Ndipo katemera wake amayamba kuwerengedwa pakatha masiku 10 chibayireni. Simungabayitse Lachisanu n'kukwera Loweruka. Ubwino wake ndi woti kuyambira 2016 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati jakisoni mmodzi ndi wa moyo wonse. Zimenezi ndiye malangizo. Bwanji simuzilemba?

Ku South Africa, kumene tonse timaona ngati kuseri kwa nyumba, Mmalawi amalowa popanda viza, inde, koma masiku ake ndi osapitirira 30, ndipo amene amalamula ndi tsiku lolembedwa pa chidindo chimene akudindirani pachipata. Liwerengeni musanachoke pawindo. Pasipoti ikhale ndi masamba opanda chidindo, ikhalenso ndi masiku ena 30 kuchokera tsiku limene mukutuluka. Mukapyola masiku anu ngakhale pang'ono, potuluka amakuletsani kulowanso chaka chathunthu, ndipo mukapyola ndi masiku oposa 30 chiletso chake ndi zaka 5. Anthu angati apita kukaona Table Mountain ndi Robben Island, anawonjezera sabata kwa achibale ku Johannesburg, n'kubwera ndi chidindo choipa chimenecho chifukwa palibe anawauza? Amene anawaonetsa chithunzi cha phiri anali kuti?

Za ku Ulaya ndiye musanene. Mayiko a Schengen, gulu la mayiko ambiri a ku Ulaya amene amagwiritsa ntchito viza imodzi, amafuna pasipoti yotsala ndi miyezi 3 kuchokera tsiku lotuluka, masamba awiri opanda kanthu, ndi inshuwalansi yachipatala yofika mayuro 30,000. Ndalama yofunsira viza inakwera kufika mayuro 90 mu June 2024, ndipo akakukanani sabweza. Ku America, pa 20 August 2025, Malawi ndi Zambia ndi amene anali oyamba kuikidwa pa lamulo limene linkati wofuna viza yokacheza akhoza kuuzidwa kuti asiye chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Koma mpaka lero pali anthu akuponya chithunzi cha New York n'kulemba kuti konzekerani Disembala. Akonzekere ndi chiyani? Mwawauza za malamulo a viza?

Malamulowa amasinthanso. Kenya inabweretsa chilolezo cha pa intaneti chotchedwa eTA mu January 2024, mu 2025 inasinthanso n'kumasula anthu a mayiko ambiri a mu Africa. Amene anapita chaka chatha n'kumakuuzani molimba mtima mmene zinthu zilili akhoza kukusocheretsani asakudziwa. Wogulitsa maulendo ntchito yake ndi imeneyo, kutsatira zosinthazi tsiku ndi tsiku. Ngati sangathe, asiye kudya ndalama za anthu, akagulitse kaunjika.

Wina andiuza kuti alamu anayenera kufunsa okha. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine sindikutsutsa. Alamu phula alidya, ndipo akudziwa. Koma munthu amafunsa chimene akuchikayikira. Munthu amene m'manja mwake muli pasipoti yolembedwa kuti ikutha miyezi 4 kutsogoloku, ulendo wake ndi wa masiku 7, akayikire chiyani? Kwa iye zonse zili bwino. Amene akudziwa kuti pali msampha ndi amene ayenera kukuwa. Mukamuona wakhungu akulunjika kuchitsime simudikira kuti akufunseni njira.

Musandimve molakwa, sindikuletsa anthu kuyenda. Zanzibar ndi malo oti munthu akaone, ndipo n'chifukwa chake zikundipweteka chonchi. Ine ndinapitako pamtunda, basi mpaka ku Karonga, kuwoloka pa Songwe, kugona ku Mbeya, kenako ulendo wautali wa ku Dar es Salaam, n'kukwera boti la maola ngati awiri. Potsika padoko anationanso mapasipoti ngakhale kuti ndi dziko limodzi ndi Tanzania, chinanso chimene palibe amakuuzani. Madzulo ku Forodhani anthu amayala matebulo m'mbali mwa nyanja, nyali zili ngwee, utsi wa nsomba ndi nyama yootcha uli tolotolo, madzi a nzimbe akufinyidwa mukuona. Koma chimene chinandigwira mtima chili mkati mwa Stone Town, pamene panali msika wa akapolo umene unatsekedwa mu 1873. Pamalo pomwepo anamangapo tchalitchi cha Anglican, amishoni a UMCA omwe aja anadzamanganso tchalitchi chachikulu cha ku Likoma. Pansi pa nyumba ina pafupi pali tizipinda tamdima, denga lake lotsika moti munthu sungayime chilili. Ndinalowamo ndikudziwa kuti anthu ambiri amene anagulitsidwa pamsika umenewo anachokera kwathu kuno, anawolotsedwa nyanja kuchokera ku Nkhotakota m'masiku a Jumbe, n'kuyenda pansi mpaka kugombe la Kilwa. M'tchalitchimo muli kamtanda kosemedwa ndi mtengo wa ku Chitambo, umene pansi pake anakwirirapo mtima wa David Livingstone. Nditabwera ndinawafotokozera achemwali zonsezi, iwo ndi a Anglican enieni, a Mothers' Union, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankangoti ndisanafe ndikapempheremo. Za mchenga analibe nazo ntchito kwenikweni. Ankafuna akagwade m'tchalitchi chimenecho. Ndiye mnyamata mmodzi wosasamala wawalanda zimenezo chifukwa cha mzere umodzi umene anachita ulesi kuulemba.

Ngakhale za nyengo zomwe, amabisa. Amakugulitsani Zanzibar ya mu April pamtengo wotsika osakuuzani kuti imeneyo ndi nthawi ya mvula yaikulu kumeneko. Amakuonetsani mathithi a Victoria Falls madzi ali thovu lokhalokha, chithunzi cha mu April, n'kukutumizani mu November pamene mbali yaikulu ya ku Zambia imakhala miyala yokhayokha. Amakutumizani ku Dubai mu July kukutentha madigiri oposa 40. Bola ndalama yalowa. Khalidwe lake ndi lomwelo, kuonetsa chokoma n'kubisa chimene chingamupweteke munthu.

Choncho ndikubwereza, ndipo ndibwerezabe mpaka wina amve. Musanaponye chithunzi, lembani miyezi imene pasipoti ikufunika kukhala nayo. Lembani ngati Mmalawi akufunika viza, ndalama zake, ndi masiku odikira. Lembani za katemera. Lembani ngati akafunsidwe tikiti yobwerera ndi umboni wa kumene akagone. Ndipo inu amene mukufuna kuyenda, usiku uno tulutsani pasipoti m'sutikesi, muwerenge miyezi ndi zala ngati mmene anachitira mayi uja, musanapereke ngakhale tambala kwa munthu. Amene akukugulitsani ulendo akalephera kuyankha mafunso amenewa, tengani ndalama zanu mubwerere kunyumba. Madzi akatayika saoleka. A kwa achemwali atayika, ndipo Lamlungu sanapite n'kutchalitchi komwe poopa mafunso a anzawo amene anawatsanzika.

Ndipo pali chinanso chikundiwawa. Madola amene alamu ananyamula m'thumba tsiku limenelo anawapeza movutika zedi. Milungu itatu akuyendera banki, tikiti m'manja, pasipoti m'manja, yankho n'kumangokhala lakuti ndalama zakunja palibe, bwerani mawa. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 tinkauzidwa kuti zinthu zikhazikika, koma munthu wamba ukafuna madola 300 okha oti ukadyere paulendo umachita kugwada ngati ukupempha ngongole, pamene ndalama ndi zako zomwe. Mapeto ake anakagula kwa anyamata a mumsewu pamtengo woti sindingaulembe pano. Panopa madolawo ali mu envelopu m'kabati, sutikesi ikadali ndi pulasitiki yake pakona pabalaza, ndipo achemwali akuti aliyense asaikhudze.