Nyumba salipira tsiku lomanga lokha

Ndakwiya, ndipo ndinene poyera. Dzulo ndinaperekeza mchemwali wanga kwa mmisiri amene akufuna kumumangira nyumba. Pulani inali yabwino zedi: zidina za dothi zopsinja pamakina zosaotcha, denga lotuluka kunja kuti khoma lizikhala pamthunzi, mawindo oyang'anizana kuti mphepo izidutsa, siling'i, ndi thanki yokololera madzi a mvula. Bambo aja anangotenga cholembera n'kuyamba kukhwatcha chimodzichimodzi, amvekere, "Mayi, izi n'zongotayitsa ndalama, tiyeni tiotche njerwa timange monga amangira anzanu." Mchemwali wanga n'kumavomera!

Kutayitsa ndalama kwake kuti? Nyumba salipira tsiku lomanga lokha, abale. Umailipira mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka, mpaka adzukulu ako kudzaipeza. Ukachotsa siling'i lero, mawa malata akatentha ukagula fani, kenako ina, kenako bilu ya magetsi izikudya mwezi uliwonse. Ukafupikitsa denga, mvula izimenya khoma, pulasitala azisupuka, iwe uziitananso mmisiri yemweyo kuti adzakonze, n'kumulipiranso. Ndiye wapulumutsa chiyani? Ngongole ija wangoikankhira kutsogolo basi.

Sindikukana, zina mwa zinthuzi zimadula poyamba. Sola ndi ndalama, thanki ndi ndalama, mabatire amatha ndipo amafuna ena. Khoma la dothi nalonso silifuna chibwana: likufuna fawundeshoni yokwera bwino ndi denga loliphimba kuti madzi asalikhudze. Koma bwanji timawerenga zotuluka m'thumba lero zokha, zobwerera osaziwerenga? Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi ya denga, ndi lita imodzi ya madzi. Denga la masikweya mita 100, mvula ya mamilimita 800 pachaka, ndi malita 80,000 amene timangowayang'ana akukumba ngalande pakhomo. Mapanelo a sola anatsika mtengo ndi pafupifupi 90 peresenti pakati pa 2010 ndi 2020, koma anthu akulankhulabe ngati tili m'zaka zakale zija.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi nkhope imene mmisiri uja anaipanga atamva za dothi, ngati tamutukwana. Akuti dothi n'la amphawi. Francis Kéré wa ku Burkina Faso anamanga sukulu ya pulayimale kumudzi kwawo ku Gando mu 2001 ndi zidina za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, denga lake analikweza m'mwamba kuti mpweya wotentha uzituluka, ana aziphunzira mozizira bwino. Mu 2022 analandira mphoto ya Pritzker, yaikulu kwambiri kwa okonza mapulani a nyumba padziko lonse. Ameneyo ndiye wosadziwa kumanga? Zidina zopsinjazi zimangofuna simenti wa maperesenti 5 mpaka 10, nkhuni ayi. Pomwe uvuni umodzi wa njerwa umameza mitengo ikuluikulu imene inatenga zaka kuti ikule, ndipo kupanga simenti kumatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya wa kaboni umene ukutenthetsa dzikoli. Zimenezinso tidzalipira, tifune tisafune. Chakudza sichiimba ng'oma.

Ena akuti ndi umphawi, ena akuti ndi kusadziwa. Kaya. Ine ndikuti werengani zaka zonse zimene mudzagone m'nyumbamo, osati risiti ya tsiku logula zipangizo. Yotchipa pomanga ndi yomweyo yodula pokhalamo. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Ndipo inu amene mukangogula puloti mumayamba ndi kugwetsa mtengo uliwonse mpaka pamalo kuti mbee, muli ndi vuto lanji? Mtengo uli pakona, kutali ndi pomwe pakhale nyumba, wakulakwirani chiyani? Mudula mthunzi waulere, pabwalo ponse muthira konkire, dzuwa likakuotchani muyamba kudandaula kuti chaka chino kwatentha. Zikundinyansa!