Musanamizire anthu a ku Miami, vuto la Marlins ndi eni ake

Usiku wathawu wina waika chithunzi cha bwalo la Miami Marlins, timu ya masewera a baseball ya ku America, mipando ili mbee, masewera ali mkati. Pansi pake walemba kuti anthu a ku Miami sakonda baseball. Achimwene amene mwalemba zimenezi, mwandipsetsa mtima, ndipo sindikhala chete.

Anthu a ku Miami sakonda baseball? Mzinda wodzaza ndi anthu ochokera ku Cuba, Venezuela, Dominican Republic ndi Puerto Rico, anthu amene anakulira pa masewera amenewa ngati mmene ife tinakulira pa mpira wa chikulunga? M'mwezi wa Marichi 2023, pa mpikisano wa mayiko wa World Baseball Classic, bwalo lomwelo linadzaza mpaka kusowa poponda. Anthu anabwera ndi ng'oma, mbendera ali nazo paphewa, kuimba mpaka mawu kutha. Usiku womaliza Japan inagonjetsa America 3-2 pamaso pa chikhamu. Bwalo ndi lomwelo, misewu ndi yomweyo, anthu ndi omwewo. Ndiye musandiuze kuti sakonda masewerawa. Chimene anakana ndi timu imene imawanyenga.

Taonani mbiri yake. Mu 1997 timuyi, ikutchedwa Florida Marlins, inatenga chikho cha World Series, chikho chachikulu cha baseball ku America. Anthu asanamalize n'komwe kusangalala, mwini timu anagulitsa osewera abwino, ndipo chaka chotsatira timu inagonja masewera 108. Mu 2003 inatenganso chikho, patapita zaka ziwiri osewera anabalalitsidwanso. Kenako mu 2012 akuti tasintha, tsopano ndife Miami Marlins. Dzina latsopano, chizindikiro chatsopano, jezi zatsopano, bwalo latsopano ku Little Havana, dera la mu mzinda wa Miami. Anagula osewera otchuka José Reyes ndi Mark Buehrle, anthu n'kuyamba kukhulupirira. Chaka chomwecho chisanathe, mu Novembala, onse awiri anatumizidwa ku Toronto pamodzi ndi Josh Johnson. Munthu amene anagula jezi ya Reyes mu Epulo anatsala nayo m'manja isanasuluke n'komwe.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Eni atsopano, Bruce Sherman ndi Derek Jeter, anagula timu mu 2017. Anachita chiyani? Giancarlo Stanton, amene anali atangomenya ma home run 59 (kumenya mpira mpaka kudumpha mpanda wa bwalo) n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana mu ligi yake, anamupereka ku New York Yankees. Christian Yelich anapita ku Milwaukee, ndipo chaka chomwecho cha 2018 nayenso anakasankhidwa kukhala wopambana ali kumeneko. Marcell Ozuna anapita ku St. Louis. Atamaliza kusesa m'nyumba, kumapeto kwa 2018 anatulukira ndi chizindikiro china ndi mitundu ina ya jezi. Chaka chimenecho anthu amene analowa m'bwalo anali pafupifupi 10,000 pa masewera aliwonse, m'bwalo lokhala anthu pafupifupi 37,000. Inu mukanapita? Mukanatenga mwana wanu kukamuonetsa ndani?

Ena amati matikiti, ena amati kutalika kwa ulendo, ena amati mzindawu uli ndi zosangalatsa zambiri. Zing'onozing'ono zimenezo. Nkhani ndi yakuti munthu sachemerera utoto. Mwana sapempha bambo ake kuti tiyeni tikaone chizindikiro. Amafuna akaone wosewera amene amamudziwa dzina, amene anamuona chaka chatha, amene adzamupezanso chaka chamawa. Mukamuchotsera wosewerayo kamodzi, amalira n'kuiwala. Mukamuchotsera kachinayi, amasiya kufunsa. Kusintha jezi kwinaku mukugulitsa ovala jeziyo kuli ngati kupaka laimu nyumba imene denga lake mwasasula nokha.

Ife nkhani ya maina timaidziwa bwino. Bullets yakhala Bata, yakhala Total, yakhala Bakili, yakhala Nyasa, koma masapota a Maule sanachoke pa Kamuzu Stadium. Dzina silinawabweretse, ndipo dzina silinawathamangitse. Iwo amadziwa kuti timuyo ndi yawo. Munthu wa ku Little Havana angamve bwanji kuti Marlins ndi yake, pamene aliyense amene wamukonda amamuona akulongedza katundu? Ngakhale posachedwapa, mu 2023 timu inafika m'ndime ya ma playoffs, ndime yolimbirana chikho, koma mu 2024 Luis Arráez anapita ku San Diego, Jazz Chisholm n'kupita ku Yankees.

Ndipo chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti bwalolo silinamangidwe ndi ndalama za eni timu zokha. Gawo lalikulu linachokera ku ndalama za boma la Miami-Dade (dera limene muli mzinda wa Miami) ndi mzindawo, ngongole imene idzabwezedwa kwa zaka zambiri. Anthu anakwiya mpaka mu 2011 anavota kuchotsa pampando meya wa Miami-Dade, Carlos Álvarez, ndipo nkhani ya bwaloli inali imodzi mwa zimene ankamudandaulira. Lero bwalolo likutchedwa loanDepot park, dzina la kampani yobwereketsa ndalama za nyumba. Anthu analipira bwalo, osewera awo anagulitsidwa, ndiye inu mubwere kudzawanyoza chifukwa cha mipando yopanda anthu?