Anyamata inu, Land Rover yakale salowa pansi pake mwachibwana

Ndatopa kuona miyendo ya ana a eni itasuzumira pansi pa galimoto yoimikidwa pa jeke mmodzi ndi njerwa ziwiri. Lero ndikulankhula ndi inu amene mwatola ma Land Rover akale aja, Series II ndi Series III, amene ankayendera amishoni ndi aboma, n'kuyamba kuwadzutsa. Kudzutsako ndakondwa nako kwambiri. Koma mmene mukusinthira ma mounting a giyabokosi, timitsamiro ta mphira tija timene giyabokosi imakhalapo pa chesisi, ayi ndithu, mudzatiliritsa maliro.

Ma Series III anayamba kupangidwa ku Solihull, ku England, mu 1971 n'kulekeza mu 1985. Werengani nokha zaka zimene mphira wa ma mounting wakhala akusenza giyabokosi ndi transfer box yake (bokosi logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo), uku akumwa oyilo wodontha, poti magalimoto amenewa kudontha ndiye khalidwe lawo. Oyilo amafewetsa mphira mpaka kumatuka pachitsulo. Mukamva galimoto ikunjenjemera posiya kilatchi, ndodo ya giya ikugwedezeka yokha, pansi pakumveka gu! ponyamuka, dziwani kuti mphira watha. Mpaka apa ambiri mumadziwa. Chimene simudziwa ndi ichi.

Handibuleki ya Land Rover imeneyi sigwira matayala. Ili ndi dramu lake kumbuyo kwa transfer box, ndipo chimene imagwira ndi propshaft yam'mbuyo, mpini wachitsulo umene umazunguza matayala am'mbuyo. Mukamasula propshaft, buleki yatha ntchito ngakhale ndodo yake ili m'mwamba. Mukanyamula tayala limodzi lam'mbuyo, difu, magiya aja a pakati pa matayala awiri am'mbuyo, imalola tayala lolendeweralo kuzungulira, linzake lili pansilo n'kugubuduka. Komanso buleki imeneyi yakhala pa chinthu chomwecho chimene mukufuna kuchikweza ndi jeke. Ndiye inu mwakoka handibuleki, mwaimika galimoto pamtsetse kuseri kwa nyumba, mwagona chagada pansi pa chitsulo choposa tani imodzi, mukuti mwadziteteza? Tsoka silinunkha, ana anga. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, olimba, ndipo tchingani matayala kutsogolo ndi kumbuyo komwe ndi zipika za mtengo.

Ndipo galimotoyo mukuinyamuliranji? Land Rover ndi yayitali kale, munthu amalowa pansi pake matayala onse anayi ali pansi. Chofunika kukweza ndi giyabokosi yokha, pang'ono chabe, kuti mphira upepukidwe. Ngati pali chifukwa china chonyamulira galimoto yonse, ikhale pa ma stand, zochirikizira zachitsulo zija. Njerwa, kaya zootcha kaya zasimenti, zimaphwanyika osachenjeza. Jeke naye amatsika yekha oyilo wake akathawa.

Pakati pa jeke ndi giyabokosi ikanipo thabwa lochindikala. Chikombole cha giyabokosi ndi cha aluminiyamu, mutu wa jeke ukachidinda pamalo amodzi chimang'aluka, ndipo china simudzachipeza pamsika pafupi. Kwezani pang'onopang'ono, mnzanu akuyang'ana kutsogolo, chifukwa injini ndi giyabokosi n'zolumikizana: mukakweza kumbuyo injini imapendekeka, fani ikhoza kukanda rediyeta, mapaipi ndi ekizozi n'kukokeka. Inde, ndati mnzanu. Ntchito imeneyi sagwira munthu ali yekha, anthu onse atapita kumunda.

Zala ndiye zimandimvetsa chisoni. Mphira wakale wachoka, pakati pa giyabokosi ndi bulaketi ya chesisi patsala mpata, mnyamata n'kupisamo zala kufunafuna bowo la bawuti. Pamenepo moyo wa dzanja lake lonse uli pa jeke. Lowetsanimo kachipika kogwirizira kaye, ndipo bowo lifunidwe ndi sikuludiraiva. Makanika wopanda zala adzadyetsa bwanji ana?

Tsopano za kuchenjera kwanu kuja. Ena mukudula tayala lakale, kuboola, kumanga ndi waya, n'kumati mwapulumutsa ndalama. Ena mwafika powotcherera giyabokosi ku chesisi ndi chitsulo kuti isadzavutenso. Mphira uja anauikapo kuti uzimeza kunjenjemera. Mukauchotsa, kunjenjemerako kumakafunafuna pena pothyola: bulaketi, chikombole, ma joint a propshaft, ngakhale chesisi yomwe, imene dzimbiri laidya kale, poti bodi ndiyo ya aluminiyamu koma chesisi ndi chitsulo wamba. Kutchinjiriza ndi waya kuti mufike kunyumba kuchokera kutchire, palibe angakudzudzuleni. Koma kunyamula anthu miyezi ndi miyezi pa waya womwewo, kapena kugulitsa galimotoyo osamuuza wogula, kumeneko n'kuipa mtima.

Gulani ma mounting enieni, ndipo munene ngati injini ndi ya petulo kapena dizilo. Sinthani onse awiri, osati lokhalo laduka, muonenso awiri a injini, chifukwa anayiwo amasenza katundu mmodzi. Gogodani mabulaketi ndi hamala musanamange, mumve ngati chitsulo chidakali chamoyo. Manati muwagwiritse ndi dzanja kaye, mutsitse jeke kuti giyabokosi ikhazikike, kenako mumange zolimba. Pamene padontha oyilo pakonzedwe, apo ayi mphira watsopanoyo ayamba kumwa oyilo tsiku lomwelo. Mukatha, yesani handibuleki musanachotse zipika zija, chifukwa giyabokosi ikakwera pa mphira watsopano kakokedwe ka buleki kamasintha. Ndipo ana aang'ono amene amaunjikana kudzaonerera, athamangitseni musanagwire jeke.