Mtedza wabwino ukupita kunja, wachuku ukulowa m'phala la ana athu

Maganizo anga ndi akuti kuyeza chakudya kuno kwathu tikukuchitira makasitomala akunja, pomwe mayi wogula nsinjiro za m'kapepala pamsika palibe womuyezera. Izi zimandiwawa kwambiri pa nkhani ya chuku mu mtedza.

Chuku chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Saoneka, sanunkha, ndipo ngakhale mukazinge kapena kuwiritsa mtedzawo, iye amatsalabe. Akamalowa m'thupi pang'onopang'ono amawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, makamaka kwa amene ali ndi hepatitis B. Akachuluka amapha msanga. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga chachuku, ambiri a m'maboma a Makueni ndi Kitui.

Mayiko a ku Ulaya salola kuti aflatoxin mu mtedza woti anthu adye apitirire ma microgram 4 (kamlingo kochepetsetsa) pa kilogalamu imodzi. Ndiye wogulitsa kunja amasankha mtedza wake mosamala, nkukauyezetsa ku Malawi Bureau of Standards (MBS) kapena ku labotale ina asanapakire. Funso nali: wosankhidwa uja, wonyala, wosweka, wakuda ndi wobooledwa ndi tizilombo, umapita kuti? Sautaya. Umatsika mtengo, mavenda nkuugula, nkusanduka nsinjiro ndi chiponde. Ukasinjidwa simungadziwenso kuti unali wotani. Poizoni amene wachotsedwa m'matumba khumi amaunjikana m'thumba limodzi, ndipo thumba limenelo ndi lomwe timatendelera nalo nkhwani ndi phala la mwana wa miyezi 8.

Kuyeza kwake sikovuta monga ambiri amaganizira. Pali timapepala toyezera msanga. Mumagaya mtedza, kupima pang'ono pasikelo, kuukhutchumula m'botolo ndi ethanol kapena methanol wosungunula ndi madzi, kusefa, kenako kuviika kapepala. Pakangopita mphindi zochepa mizere imaoneka, ndipo kamakina kam'manja kamawerenga mlingo wake. Zokayikitsa zokha ndi zimene zingatumizidwe ku labotale yaikulu kuti akatsimikize ndi makina oyeza mwakuya otchedwa HPLC.

Pamene ambiri amaphonya ndi potapa mtedza woti ayeze. Chuku sichifalikira mofanana m'thumba. Njere zochepa chabe zimatha kusenza poizoni yense, zinzake zili bwinobwino. Wotapa dzanja limodzi pakamwa pa thumba akhoza kulemba kuti katundu ndi wabwino pomwe pansi pawola. Nchifukwa chake malamulo a zakudya a padziko lonse otchedwa Codex amafuna makilogalamu 20 a mtedza wosenda pa kuyeza kumodzi kwa katundu wambiri. Pamafunika kubaya matumba ambiri ndi kachitsulo kotapira, pamwamba, pakati ndi pansi, kusakaniza, nkugaya zonsezo musanatengepo kagawo koyeza. Mukalumpha pamenepa, ngakhale makina akhale odula bwanji, zotsatira zake n'zabodza.

Ndiye chikuletsa n'chiyani kuti ofesi ya zaumoyo ya boma lililonse, makamaka kumene mtedza umalimidwa kwambiri monga Mchinji, Kasungu, Dowa ndi Lilongwe, ikhale ndi chogayira, sikelo ndi timapepalati? Oyendera zaumoyo amalowa kale m'misika kuona ukhondo wa malesitilanti ndi mabutchala. Awonjezere nsinjiro, chiponde chopanda chizindikiro cha MBS, ndi ufa wa phala wopita m'masukulu ndi ku mkombaphala. Zotsatira zizimatidwa pachipata cha msika m'Chichewa, tsiku ndi mlingo wake. Katundu wolephera asabwezedwe kwa mwini wake, chifukwa mawa akamugulitsa pamsika wina. Asapitenso kwa ng'ombe za mkaka, poti poizoniyu amatulukira mu mkakamo.

Ndisaiwale alimi, chifukwa vuto limayambira kwa iwo. Ng'amba ikagwa mtedza ukukhwima, chuku chimalowa udakali munthaka. Kukumba mochedwa, kuboola makoko ndi khasu, ndi kuyanika padothi kumawonjezera. Koma chizolowezi choipitsitsa ndi chowaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda, kapena kuti ulemere pasikelo. Mtedza wouma bwino, wa chinyezi chosapitirira 8 peresenti, mwaubwezeretsa m'chinyontho, nkuutsekera m'thumba la pulasitiki pakona yotentha. Pamenepo chuku chimamera m'masiku ochepa.

Woyeza akapeza mlingo wokwera pamsika wina, asangolanda thumba n'kuchoka. Afunse kumene katunduyo wachokera, auze mlangizi wa dera limenelo, kuti nyengo yokolola ikafika anthu aumitse mtedza pa Mandela cock (mulu wosanja mtedza ndi mitengo yake mozungulira, wosiya mpata wa mpweya pakati) kapena pathandala, ausunge ndi makoko ake, ndipo matumba asanjikidwe pamitengo, osagunda khoma kapena simenti.